Bweranimawa ndi Chitseko cha Pansi

4 Febuluwale

Wokondedwa mlongo wanga,

Choyamba landira moni. Uli bwanji pamodzi ndi alamu ndi amayi? Ine kuno ndili bwino, kupatula msana womwe uja. Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Foni ndinaithimitsa chifukwa cha makasitomala. Munthu sungapume, aliyense "bedi langa, bedi langa," ngati anabadwira pabedi.

Nkhani ndi iyi: ndapeza ntchito ya boma. Usayambe kululutira. Khala kaye pansi, ndipo ngati uli pa makina ako osokerawo chotsapo phazi.

Ntchito yake ili kundende yaikulu. Kuseri kwa khitchini ya akaidi kuli kanyumba kosanja kopanda mazenera. M'mwambamo muli mtengo waukulu wopingasa, pansi pake pali chitseko chotsekukira pansi, pambali pali chitsulo chokoka. Wamva kale, eti? Ndi monyongera anthu. Papita zaka makumi awiri asakugwiritsa ntchito, ndiye chiswe chinati zikomo kwambiri n'kukhazikikamo ndi banja lonse. Tsopano akuluakulu alamula kuti chilango chonyonga chiyambirenso, ndipo pakufunika kalipentala.

Ukudziwa mmene anandisankhira? Tinaitanidwa amisiri asanu ndi awiri. Asanu atangoona chitsekocho anakumbukira kuti kwawo kwagwa maliro. Wachisanu ndi chimodzi anakomoka. Ine ndinachedwa kufika, ndiye ndinapeza akulu a ndende atatsala okha pabwalo, pepala lili m'manja. Ndinasaina ndisanakwere masitepe kukaona.

Andipatsa milungu itatu. Pali munthu mmodzi yekha amene mapepala ake anasainidwa kale, bambo wina wachikulire amene anali mlonda. Chimene akudikira ndi ineyo basi. Tsiku limene ndidzakhome msomali womaliza, iye wathera pomwepo.

Choipa n'chakuti zenera la chipinda chake linapenya pomwe ndaika benchi langa. Tsiku loyamba ndikutulutsa zida ndinangomva, "Mwadzuka bwanji amisiri? Samalani thabwa lachitatulo, lili ndi msomali." Mlongo wanga, sowo inandigwa m'manja.

Chonde usawauze amayi. Alamunso ayi, paja iwo nkhani saigoneka. Undiyankhe msanga, mutu wanga sukugwira.

Ndine mlongo wako,
uja mumati Bweranimawa


12 Febuluwale

Achimwene,

Moni wanu tamulandira. Kuno tonse tili bwino. Amayi miyendo ndiyo ikuwavutabe, koma pakamwa pali bwinobwino.

Kalata yanu ndinaiwerenga katatu, kachitatuko nditakhoma shopu. Poyamba ndinalira. Kenako ndinakumbukira kuti kalipentala wake ndinu, ndiye ndinaseka mpaka kasitomala wina anagogoda kufunsa ngati kwagwa zovuta. Achimwene, mlondayo ali ndi Mulungu wake! Dziko lonseli, amisiri ali mbwee, boma n'kukatola inuyo? Inu amene munayamba kabati ya ukwati wanga ndili pachibwenzi, lero mwana wanga woyamba akumeta ndevu, kabati ikadali yopanda zitseko? Bambo ameneyo adzafa ndi ukalamba.

Komabe musandiyese wouma mtima. Dzulo ndasokera mkono wa malaya pakhosi chifukwa choganiza za iye. Kodi anaphadi munthu? Tamufunsani. Ndipo ngakhale atakhala kuti anapha, inuyo mudzadya bwanji ndi manja omwewo?

Za amayi ndayesetsa, koma anaona envelopu. Ndawauza theka, kuti mwapeza ntchito ya boma yokonza chitseko cha kundende. Analulutira mpaka agalu a oyandikana nafe anayamba kuuwa. Pofika Lamlungu kwaya yonse inali itadziwa kuti iwo anabereka kalipentala wa boma. Akupemphera m'mawa ndi madzulo kuti ntchito iyi yokha muimalize. Ine ndimangoyankha ameni wapansipansi.

Yatsaniko foni, inunso.

Ndine mlongo wanu,
Telala


5 Malichi

Mlongo wanga,

Moni kwa nonse. Za kabati ndamva, yangotsala pang'ono.

Ndamufunsa mlonda uja. Timacheza masana asilikali akapita kukadya, iye pazenera, ine pabenchi. Anati, "Amisiri, ine chinandipha ndi kuopa kuchotsedwa ntchito."

Ankalondera sitolo ya zitsulo. M'mawa wina eni sitolo anapezeka atafa mu ofesi mwawo. Apolisi atamufunsa ngati anagona pa ntchito, iye anaimirira njo, n'kulumbira kuti pa zaka khumi ndi ziwiri sanatsinzinepo, ndipo usiku umenewo ngakhale mphaka sanadutse pageti. Anasaina pansi pake monyadira. Kukhoti anangomufunsa kuti, ngati iwe sunagone, ndipo palibe analowa, wakupha ndi ndani?

Zoona zake n'zakuti bamboyu ankagona tsiku lililonse m'chikatoni cha filiji kuseri kwa sitoloyo, ndipo mkonono wake unkadziwika msewu wonse. Atafuna kusintha mawu anamutcha wabodza. Paja amati mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Loya amene boma linamupatsa anakumana naye pakhonde mphindi zisanu mlandu usanayambe, ndipo mpaka chigamulo ankamutchula dzina la munthu wina woba mbuzi. Alonda anzake atatu amene akanachitira umboni mkonono uja sanaitanidwe. Mphwake wa malemuyo, amene anali ndi makiyi ena ndipo lero sitolo ndi yake, anabwera ndi maloya awiri onunkhira. Mphwakeyo anafunsidwa funso limodzi lokha, ngati akufuna madzi akumwa.

Mlonda anachita apilo. Fayilo inasowa, tsiku la apilo palibe anamuuza, ndiye anaithetsa ati chifukwa mwini wake sanabwere. Ngati munthu wokhomeredwa m'chipinda angakwere basi! Papita zaka zisanu ndi zinayi tsopano.

Mlungu watha kunabwera mayi wina wochepa thupi, wa nsapato zakutha, loya wothandiza akaidi mwaulere. Anaima pabenchi langa nati, "Amisiri, ntchitoyi mumaliza liti?"

Pakamwa panangoyankha pokha, "Bwerani mawa, mayi."

Anayang'ana matabwa, anayang'ana ine, nati, "Sindikukupemphani kanthu. Ndikungokuuzani kuti fayilo ija ndikuisaka, ndipo khoti silingandimve ndisanaipeze. Zimenezi zimatenga miyezi."

Mlongo wanga, zaka makumi atatu ndili pa ntchito imeneyi, anthu anditukwana, andithamangitsa ndi njinga, wina anabwera ndi abusa. Palibe amene anayang'anapo ulesi wanga ndi maso a chiyembekezo ngati mayi ameneyu. Misozi inalengeza. Ndinati mumtima, apa ndiye pagule panga.

Koma ndikuuze, kuchedwa dala n'kovuta! Kale zinkangochitika zokha. Pano ndikaitanitsa matabwa akufika tsiku lomwelo. Magetsi sakuzima. Anzanga onse ali moyo, palibe maliro oti n'kupitako. Manja enieniwa andiukira, dzulo ndinadzidzimuka nditapala matabwa anayi osadziwa, osalala ngati galasi. Ndinachita kuwabisa.

Akulu a ndende ndawauza kuti matabwa ndi aawisi, akufunika milungu isanu ndi umodzi kuti aume. Anagogoda limodzi, linalira ngati ng'oma. Ndinati, "Mwamva bwana? Ndi madzi amenewo."

Ndine yemwe uja,
Bweranimawa


24 Malichi

Mwana wanga,

Ndalemba ndekha ndi dzanja langa, chifukwa mlongo wako akamandilembera amachotsa mawu owawa.

Moni ndikupatsa pomaliza ukandiyankha bwino. Mkamwini wa mayi wina wa m'kwaya mwathu amayendetsa lole yotula nkhuni kundendeko. Wanena kuti milungu itatu inakwana kalekale, akulu a ndende akuyenda akulankhula okha, ndipo iwe umakhala pabenchi n'kumacheza ndi akaidi pazenera. Mayiyo wanena zimenezi pamaso pa kwaya yonse, ine nditaimirira kutsogolo ndi buku la nyimbo m'manja.

Kodi ndinakulakwira chiyani? Unabadwa mochedwa ndi milungu iwiri, ndinapirira. Unayamba kuyenda anzako akuthamanga, ndinapirira. Koma chitseko cha ndende n'chosiya chosamaliza? Ukufuna mbava zituluke zidzatibere mapoto? Wina akaphedwa chifukwa cha chitseko chakocho, magazi ake adzakhala pamutu pako, ndakuuza.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Chitseko ndi matabwa, mahinjesi ndi misomali, si sitima yapamadzi. Alamu ako anandikonzera cha kubafa ndikuphika tiyi, madzi asanawire iwo anali akusamba m'manja. Amenewo ndiye amisiri. Ukapanda kumaliza mwezi uno ndiwatuma adzakuthandize, ngakhale uchite manyazi.

Ndikufuna ndisanafe ndidzaone chinthu chimodzi chimene mwana wanga anayamba n'kuchimaliza.

Moni ndi ameneyo, ngakhale sunamugwirire ntchito.

Mayi wako


2 Epulo

Mlongo wanga,

Moni mwachidule, nthawi palibe. Amayi andilembera kuti atumiza alamu. Gwira amuna ako! Bisa bokosi lawo la zida, uwabisire nsapato, unene kuti uli ndi pakati, chilichonse. Munthu amene uja akaona thabwa sapereka moni, amayamba wakhoma. Akafika kuno mlonda sawona mwezi wamawa.

Ine ndikumenya nkhondo ndekhandekha. Mahinjesi ndabweza katatu, ulendo woyamba ati aakulu, wachiwiri aang'ono, wachitatu ndinati sakundisangalatsa. Ndinakatapa chiswe m'chitini kuseri kwa msika, n'kuchibweretsa mwaulemu wonse, ndinachita kuchipepesa kuti tinachisamutsa molakwa. Chakana matabwa atsopanowa, akuti anapakidwa mankhwala. Ngakhale chiswe cha masiku ano chimasankha.

Loya uja wapeza theka la fayilo m'chipinda chosungiramo matsache kukhoti. Theka linalo akusakabe.

Chimene chikundipweteka ndi mlonda mwini wake. Dzulo anandiitana nati, "Amisiri, ndikuona zimene mukuchita. Musadzivute chifukwa cha ine. Akakuchotsani ntchito mudzalowera kuti?" Taona, munthu chingwe chili pafupi, koma kwa iye tsoka lalikulu padziko likadali kuchotsedwa ntchito. Ndinangonamizira kusaka pensulo.

Akulu a ndende ndawauza kuti mtengo wopingasa uja ukufunika wamtundu wina, wopezeka kumacheka akutali, ulendo wa masiku khumi. Ndinyamuka mawa. Kumeneko ndikangokhala pansi pa mtengo n'kumawerenga masiku.

Gwira amuna ako, ndapota nawe.

Bweranimawa


9 Epulo

Achimwene!

Mayo ine! Ndinachoka masiku asanu kukayeza ana a sukulu mayunifolomu. Ndabwera lero, kalata yanu ndaipeza pansi pa chitseko, alamu anu kulibe, bokosi la zida kulibe. Amayi akhala pakhonde akumwetulira, akuti anawatuma Lolemba ndipo anawaphikira mazira a paulendo.

Ndaimba foni yawo, siikupezeka. Yanu ndiye ndi manda. Munati ndisawauze, ine sindinawauze, onani tsopano! Munthu wapita kukakuthandizani ndi mtima wake wonse.

Kulikonse kumene mwakhala pansi pa mtengoko, dzukani. Kamodzi kokha pa moyo wanu, achimwene, thamangani.

Telala


9 Epulo

Mayi a kunyumba, ndi apongozi,

Moni. Ndinafika bwino. Alamu sindinawapeze, akuti anapita kukasaka mtengo. Ndinapita kundende n'kunena kuti ndine mlamu wawo wa kalipentala, banja landituma. Akulu a ndende anandikumbatira. Foni anasunga pageti.

Ntchito yake ndi yamasewera. Si chitseko cha pakhomo monga munkaganizira apongozi. Ndi chapansi, chotsitsira katundu kuchokera m'chipinda cham'mwamba. Poti chili kuseri kwa khitchini, ndikuona ngati ndi cha matumba a nyemba. Sindinafunse. Ine ndikagwira ntchito sindicheza.

Zimene ndinapeza n'zomvetsa chisoni. Mahinjesi omangidwa chozondoka. Chitsulo chokoka chokhomeredwa ku thabwa losagwira kalikonse. Matabwa anayi opalidwa bwino atabisidwa kuseri kwa nkhuni. Pakona chitini cha chiswe. Alamu akufunika mapemphero. Mtengo wopingasa umene akuti ngwosayenera ulibe vuto lililonse, ukhoza kunyamula ng'ombe.

Ndinayamba Lachiwiri, ndamaliza Lachitatu dzuwa likadalipo. Poyesa anabweretsa thumba la mchenga lolemera makilogalamu 61 ndendende, anachita kuliyeza pasikelo kawiri. Boma likafuna limasamala zinthu. Ndinakoka chitsulo, thumba phii pansi, hinjesi osalira ngakhale pang'ono. Ndinathiramonso girisi wanga waulere. Akuti chiyamba kugwira ntchito Lachisanu la mlungu wamawa.

Pali mdala wina pazenera, waulemu kwambiri. Ndikulongedza zida anati, "Mwamaliza amisiri?" Ndinati eya. Anati, "Muli ndi dzanja labwino. Mukawaona amisiri enawo muwauze kuti anayesetsa." Kenako anandipempha kuti ndimuponyere kalata yopita kwa mwana wake wamkazi. Ndaiponya.

Apongozi, gonani tulo. Dzina la banja layera. Alamu musawakalipire kwambiri, ndi chibadwa.

Ndibwera Loweruka, pali denga la munthu wina kuno lomwe ndaliona likudontha.

Ine bambo a kunyumba


29 Epulo

Mlongo wanga,

Moni kuchokera m'kati. Adiresi yasintha pang'ono, malo ndi omwe aja koma tsopano ndimagona konko. Kalatayi ndapatsira loya wa nsapato zakutha uja, chifukwa za papositi amayamba awerenga.

Ndinabwerako Lolemba, kalata yako ndinaiwerenga chiimire, ndipo ndinathamanga. Ineyo! Anthu a mumsewu mwathu anatuluka m'nyumba kudzaonerera.

Ndinapeza mlonda atapinda bulangete lake, kapu yake atapatsa mnzake. Anali atamuyeza kale pasikelo. Anati, "Amisiri, mwabwera? Alamu anu ndi katswiri." Mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwana konse kumene ndinalandirapo.

Ndinakwera masitepe ndi sowo. Pepani alamu, ntchito yawo inali yokongola, ndinaima kaye kuisirira. Kenako mtengo wopingasa uja ndinaudula patatu, chitseko ndinachisandutsa nkhuni, mahinjesi ndinazula n'kuika m'thumba. Mphindi makumi awiri basi. Imeneyo ndiyo ntchito yoyamba imene ndinaiyamba n'kuimaliza tsiku lomwelo.

Pageti msilikali anandichitira sailuti n'kunditsekulira. Ndili panja ndinaganiza kuti akaona zimenezi agwira mkaidi wophika, amene amagona pafupi ndi nkhuni, n'kumupatsa loya wa mbuzi uja. Ndinabwerera n'kunena kuti, "Bwana, ndawononga katundu wa boma, mahinjesi ndi awa." Anati wolemba malipoti wapita kukadya, ndidikire. Ndinadikira maola awiri pabenchi kuti andimange.

Mlandu wanga unatenga mphindi khumi ndi imodzi. Ukudziwa loya amene anandipatsa? Yemwe uja! Wakalamba koma sanasinthe. Anapempha khoti kuti lindichitire chifundo poti mbuzi ndinabweza. Woweruza anati poganizira za mbuziyo andipatsa miyezi khumi ndi isanu ndi itatu yokha.

Tsopano tamvera mmene Mulungu amasekera. Lamulo la ndende limati ngati m'kati muli mkaidi wodziwa ntchito, n'koletsedwa kulemba mmisiri wakunja. Kalipentala m'ndende yonseyi ndi mmodzi. Akulu a ndende anawerenga lamulolo kawiri, anavula magalasi, nati ndi mawu ofooka, "Wawononga ndiwe, ukonza ndiwe. Umaliza liti?" Onse awiri tinkalidziwa yankho. Andichita chiyani, andimanga?

Loya wa nsapato zakutha uja wapeza theka lina la fayilo, ndipo khoti lavomera kumva mlandu wa mlonda mu Julayi chaka chamawa. Alonda anzake awiri akadali moyo ndipo mkonono akuukumbukira bwino.

Koma pali vuto, ndipo ndi lalikulu. Mkaidi wa khalidwe labwino amamuchotsera miyezi isanu ndi umodzi. Ndiye kuti ine adzanditulutsa mu Epulo, n'kulemba mmisiri wakunja, Julayi asanafike. Ulesi suli pa mndandanda wa milandu ya m'ndende, ndafufuza. Pali ndewu, kuthawa ndi kutukwana akuluakulu. Ndewu sinditha, msana. Kuthawa ndiye kutuluka komweko. Kwatsala kutukwana, koma amayi anatilera moipa, pakamwa panga sipatuluka mawu oipa. Dzulo ndinalimba mtima pa pelete n'kukuwa kuti, "Bwana, chipewa chanucho sichikukukhalani!" Anathokoza, lero avala china. Akuti akuganiza zondiika ukapitawo wa akaidi.

Ndili ndi mantha, mlongo wanga. Ulemu wangawu upha munthu.

Uwauze amayi zonse tsopano, uwawerengere makalata onse osachotsa mawu. Uwauze kuti pepani, kalipentala wa boma uja ndi mkaidi.

Bweranimawa


16 Meyi

Mwana wanga,

Moni ndayamba naye ulendo uno. Uli bwanji? Akukupatsa bulangete? Msanawo uzigonera chagada.

Mlongo wako wandiwerengera zonse. Ndinakhala masiku awiri osalankhula, mpaka oyandikana nafe anabwera kudzaona ngati ndili moyo. Alamu ako atamva za thumba la mchenga lija anasanza, ndipo mpaka lero sanagwire hamala. Amangokhala pakhonde n'kumati, "Ndinathiramonso girisi." Ndawauza kuti wolakwa si iwo. Mazira a paulendo ndinaphika ndine. Ndinatsala pang'ono kupha munthu wosamudziwa chifukwa chofuna kutukula mutu pa kwaya. Ndachita manyazi, ndipo ndapepesa kwa Mulungu. Kwa iwe ndikupepesa pano, uwerenge bwino chifukwa sindidzabwerezanso.

Lamlungu ndinaimirira kutsogolo kwa kwaya n'kuwauza ndekha kuti mwana wanga ali m'ndende, asanamve ndi a lole ya nkhuni. Mayi uja anafunsa kuti waba chiyani. Ndinati mahinjesi, ndipo akanakhala anayi akanaba onse.

Ine sindidziwa ngati pali munthu woyenera kunyongedwa. Mwina alipo. Koma khoti limene silitha kusiyanitsa mwana wanga ndi wakuba mbuzi lisamagwire chingwe.

Tsopano za vuto lakolo. Chipewa? Kutukwana kumeneko? Wandichititsa manyazi kachiwiri. Tamvera. Makolo a bwanayo usawatchule, sanakulakwire. Chilema chilichonse usachitchule, n'cha Mulungu. Yamba ndi nzeru zake, upite ku mimba, umalizire kayendedwe. Uzinena pa pelete anthu ali chete, mokweza, ndipo usamayambe ndi "pepani bwana" monga ndikudziwa kuti ukuchita.

Kuseri kwa pepalali ndakulembera mawu asanu ndi limodzi, limodzi pa tsiku, Lamlungu uzipuma. Lachinayilo ndi lamphamvu, ulisunge mpaka tsiku limene adzatchulenso za ukapitawo. Mlongo wako analiwerenga n'kuthawira kubafa. Akakuthera undilembere. Ndinakhala ndi malemu bambo ako zaka makumi atatu ndi zinayi osawayankha ngakhale kamodzi, ndiye ndinasunga ambiri.

Loya wa nsapato zakutha ndi amene akubweretsere kalatayi, pamodzi ndi majuzi awiri. Lalikululo ndi la mlonda.

Ndakusowa, mwana wanga. Miyendo yangayi sindikudziwa ngati idzafika chaka chamawa, ndipo ndimafuna utakhala pano. Koma ndikadzakuona pakhomo panga Julayi asanathe, ndidzakugwira dzanja n'kukubwezera konko ndekha.

Mayi wako